Chiwerengero cha ma OTP tichisunge pati? Zimene zinatigwera m'nyengo yolembetsa alimi

Foni inalira Lolemba m'mawa ndili m'minibasi yochokera ku Area 25 kulowera m'tauni. Anali mayi amene amasunga ndalama ku ofesi kwathu. "Achimwene, ma SMS tinagula Lachinayi aja atha. Mwatumizira ndani Loweruka usiku?" Ndinawayankha kuti mwina aona molakwika, chifukwa mulu umenewo umatifikitsa kumapeto kwa mwezi ngakhale ntchito itachuluka bwanji. Nditafika n'kutsegula ma log, kaundula wa zonse zimene sisitimu yachita, ndinapeza kuti mayiwo sananame.

Kampani imene ndimagwirako ntchito ndi yaing'ono, ili ku Lilongwe, ndipo imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole kwa alimi ang'onoang'ono. Alimi ambiri salembetsa okha. Ejenti wathu amakhala pakhonde la golosale kapena pansi pa mtengo ndi foni yake ya Android, mlimi n'kutchula nambala yake, sisitimu n'kutumiza ku foni ya mlimiyo manambala 6 achinsinsi, aja timati OTP. Mlimi akawawerenga mokweza, ejenti amawalemba, ndiye kuti tatsimikiza kuti foniyo ndi yakedi. Ndi OTP yomweyo mlimi amalowa kukaona ngongole yake kapena kusintha nambala yolandirira ndalama. Tinalinso ndi fomu pa webusaiti ya ofuna kulembetsa okha, ngakhale ankaigwiritsa ntchito ndi ochepa. Ntchito imafika pachimake mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, ndipo nkhaniyi inachitika m'miyezi imeneyo.

Kumbuyo kwake kunali maseva awiri oyendetsa pulogalamu yathu ya Node.js pansi pa load balancer yowagawira mapempho, database ya PostgreSQL yosunga ngongole, ndi Redis imodzi ya cache, yosunga m'memory kwa kanthawi zinthu zofunika msanga. Ma SMS timagula kwa kampani ina yapakati, timalipira uthenga uliwonse, ndipo wopita kunja kwa dziko ndi wodula kangapo kuposa wa kuno.

Manambala amene analandira mauthenga usiku umenewo sanali oyamba ndi +265. Anali a mayiko akutali kumene sitinagulitseko ngakhale thumba limodzi la feteleza, ndipo anali ondondozana ngati ana a sukulu pamzere wa phala: othera 01, 02, 03, mpaka kutali. Onse analowera pa fomu ya pa webusaiti ija. Palibe OTP ngakhale imodzi imene inalembedwa kuti itsimikizidwe. Anzathu m'ntchitoyi amautcha SMS pumping umbava umenewu. Wakubayo amakhala atapangana ndi wina amene amadyapo gawo la ndalama zolipiridwa uthenga ukafika pa netiweki inayake, kenako amasiya pulogalamu ikudzaza fomu yanu usiku wonse. Za mu sisitimu mwanu alibe nazo ntchito, iye akufuna inu muzilipira basi. Si ife tokha: mu Febuluwale 2023 Twitter inalengeza kuti isiya kutumiza manambala otere pa SMS kwa anthu osalipira, ndipo Elon Musk ananena kuti chinyengo chimenechi chinkawadyera madola 60 miliyoni pa chaka.

Bala tinalimanga tsiku lomwelo. Tinatseka mayiko onse, n'kusiya +265 yokha. Pofika Lachitatu ma ejenti a ku Mchinji ndi ku Dedza anali atadandaula kale, chifukwa m'malire muja alimi ena ali ndi ma SIM a ku Zambia ndi ku Mozambique, +260 ndi +258, poti kwawoko ndi amene amagwira bwino netiweki. Tinawatsegulira awiriwo. Koma funso limene abwana anandifunsa, ndipo anandifunsa mofatsa kwambiri moti zinandiwawa kuposa kukalipiridwa, linali lakuti: "Paja munati pali malire a mauthenga. Anapita kuti?"

Malire analipo, ndipo ndinawalemba ndine. Nambala iliyonse inkaloledwa ma OTP atatu pa ola. Chiwerengerocho ndinkachisunga mu Map, kamndandanda ka m'memory ya pulogalamu momwemo. Pa laputopu yanga zinkayenda bwinobwino. Koma seva iliyonse inkayendetsa ma process anayi, ndiye kuti makope anayi a pulogalamuyo, ndipo process iliyonse inali ndi Map yakeyake. Maseva awiri, ma process asanu ndi atatu, aliyense akuwerenga zake osadziwa za mnzake: malire a 3 anasanduka 24. Ndipo nthawi iliyonse tikakweza code yatsopano, ma process ankazima n'kudzuka ataiwala zonse. Chinanso chimene ndinazindikira mochedwa n'chakuti ngakhale malirewo akanagwira ntchito, sakanatipulumutsa usiku uja, chifukwa wakubayo nambala iliyonse ankaimenya kamodzi kapena kawiri n'kupita pa yotsatira. Tinkafunika kuwerenga zinthu zingapo: mauthenga pa nambala, mauthenga pa ejenti kapena pa gwero, mauthenga pa dziko pa tsiku, ndiponso kuti OTP imodzi yayesedwa kangati.

Apa m'pamene mkangano wa kosungira unayambira. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anati Redis, osaganiza kawiri, poti aliyense amatero ndipo tili nayo kale. Mkulu wina amene amatithandiza za database masiku ena pa sabata anati PostgreSQL, chifukwa chimene walemba m'menemo sichisowa. Ine ndinali ndi mantha a Loweruka lotsatira, ndiye ndinasankha chofulumira kumanga. Ziwerengero zonse zinayi tinaziponya mu Redis ya cache ija. Njira yake inali yodziwika ija: INCR, lamulo lowonjezera 1, pa kiyi (dzina losungira chiwerengero) wa nambalayo, ndipo ngati yankho ndi 1, EXPIRE yoti kiyiyo adzafufutike pakatha masekondi 3600.

Sabata yoyamba tinagona tulo.

Sabata yachiwiri, achemwali a pa desiki yolandira madandaulo anabwera pa tebulo langa ndi kapepala. Ejenti wina wa ku Kasungu anali ndi mlimi amene kwa masiku anayi sisitimu inkamuuza kuti "dikirani ola limodzi". Bambowo anali atapalasa njinga kubwera pa trading centre katatu konse. Ndinatsegula redis-cli, kapulogalamu kolankhulira ndi Redis, n'kulemba GET pa kiyi wa nambala yawo. Yankho: 11. Ndinalemba TTL. Yankho: -1. Kwa amene simunakumanepo nayo, -1 imeneyo ikutanthauza kuti kiyiyo alipo koma alibe nthawi yofera. Adzakhala choncho mpaka wina amufufute ndi dzanja. Nditayang'ana nthawi imene OTP yoyamba ya bambowo inatumizidwa, inali mphindi yomweyo imene tinkakweza code Lachinayi masana. INCR inadutsa, process inaphedwa, EXPIRE sinafike. Malamulo awiri, ndipo pakati pawo pali kampata kakang'ono kwambiri moti pa laputopu simungakaone, koma pa Novembala, pamene anthu mazana akulembetsa nthawi imodzi, wina amagweramo ndithu. Nditasakasaka ndi SCAN ndinapeza makiyi ena ochepa a mtundu womwewo, eni ake sanadandaule, mwina anangotaya mtima n'kupita kwina.

Mankhwala ake ndi akale. Kuyambira pa Redis 2.6 mukhoza kutumiza ka script ka Lua ndi EVAL, ndipo Redis imakayendetsa konse mosadukiza, lamulo lina osalowerera pakati. Tinaika kuwerenga, kuyerekeza ndi malire, ndi kuika nthawi yofera mu script imodzi. Poti tinali titatsegula kale, tinasinthanso kawerengedwe. Kuwerenga kwa ola ndi ola kuli ndi msoko: munthu akhoza kutenga gawo lake lonse kumapeto kwa ola lino n'kutenganso lina kumayambiriro kwa lotsatira. Tinapita ku sorted set, kumene uthenga uliwonse umasungidwa ndi nthawi yake, akale kuposa ola amachotsedwa ndi ZREMRANGEBYSCORE, otsala n'kuwerengedwa ndi ZCARD. Anthu amati njirayi imadya memory, ndipo n'zoona ngati malire anu ndi masauzande pa mphindi. Athu tsopano ndi 5 pa ola. Tinthu tisanu pa nambala si katundu.

Tsiku lomwelo tinapezanso kuti nambala imodzi inali ndi makiyi atatu: woyamba ndi 0, woyamba ndi 265, ndi woyamba ndi +265, kutengera mmene ejenti walembera. Wina akhoza kuwonjezanso mipata pakati. Panopa nambala iliyonse imadutsa kaye mu libphonenumber ya Google n'kutuluka m'kalembedwe kamodzi ka padziko lonse kotchedwa E.164 isanakhudze chiwerengero chilichonse. Ndiponso sitiisunga poyera mu kiyi. Timaipanga HMAC, ndiye kuti hash (chidindo chobisa nambalayo) wosakaniza ndi chinsinsi chimene chili pa seva. Hash wamba sathandiza, chifukwa nambala ya m'manja ya kuno ili ndi manambala 9 okha pambuyo pa +265, ndipo kompyuta wamba ikhoza kuyesa onse n'kuwabweza osatuluka thukuta.

Za IP, adiresi ya chipangizo pa intaneti, ndingodutsapo mwachangu, chifukwa ndi manyazi a tsiku limodzi. Tinaika malire a mauthenga 20 pa ola pa IP iliyonse, ndipo pofika masana ma ejenti a maboma osiyanasiyana, osadziwana n'komwe, anatsekedwa limodzi. Makampani a foni za m'manja amagawira anthu ambirimbiri IP imodzi ya kunja kudzera mu CGNAT. Tinachotsa malirewo kwa ma ejenti, n'kuwerenga pa akaunti ya ejenti m'malo mwake. Pa fomu ya pa webusaiti anatsalapo, koma otakasuka, limodzi ndi CAPTCHA, kamayeso kosiyanitsa munthu ndi pulogalamu.

Chimene chinandiimitsa mutu kwenikweni chinabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo palibe amene anadandaula. Ndinkangoyang'ana ma log a mauthenga n'kuona nambala ina italandira ma OTP 9 m'ola limodzi. Anali mlimi wabwinobwino wa foni yovuta, osati wakuba, koma 9 sinayenera kutheka. Script inali bwino. Ndinalemba INFO stats, ndipo mzere wa evicted_keys, wowerenga makiyi otayidwa, unali ndi chiwerengero chachikulu, chikukwera ndikuona. Ndinalemba CONFIG GET maxmemory-policy. Yankho: allkeys-lru. Amene anakhazikitsa Redis imeneyo zaka zapitazo sanalakwe, chifukwa ya cache imayenera kutero: memory ikadzaza, imataya makiyi amene sanakhudzidwe posachedwa kuti atsopano apeze malo. Kumapeto kwa mwezi a ku ofesi amatulutsa malipoti akuluakulu a ngongole, onse amalowa mu cache, ndipo Redis, pochita ntchito yake mokhulupirika, inkasesera kunja ziwerengero zathu pamodzi ndi zinyalala. Tinali titasunga mbewu m'nkhokwe imene aliyense amatapamo chakudya cha nkhuku.

Uthenga wowonjezera ndi ndalama zochepa chabe. Chimene chinandiziziritsa nkhongono n'chakuti chiwerengero cha kuyesa OTP chinalinso m'menemo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala 6 ali ndi mayankho 1,000,000. Mukalola kuyesa kasanu, mwayi wa wongolota ndi umodzi pa 200,000. Mukalola ma OTP asanu pa ola, iliyonse n'kuyesedwa kasanu, ndiye kuti kuyesa 600 pa tsiku, mwayi umodzi pa 1,700 kapena chapompo, pa nambala imodzi yokha, ndipo wakuba sayesa nambala imodzi. Tsono chiwerengerocho chikamafufutika chokha pakati pa ntchito, masamu onsewa amafa. Ndipo kuseri kwa OTP imeneyo kuli batani losintha nambala yolandirira ndalama. Tinafufuza ma log a mwezi wonse, mausiku awiri, ndipo sitinapeze chizindikiro choti wina anayesapo. Unali mwayi chabe.

Tinakhalanso pansi atatu aja, ndipo ulendo uno mkulu wa database uja anasintha funso. Anati tisiye kukangana zoti chothamanga n'chiti, popeza ngakhale pa tsiku lotanganidwa kwambiri mapempho athu a OTP sangatopetse chilichonse mwa ziwirizo. Anatenga choko cha pa bolodi n'kulemba ziwerengero zinayi zija, ndipo pambali pa chilichonse anati tiyankhe zinthu ziwiri: chikaiwalika, ataya chiyani ndani? Nanga kosungirako kukazima, khomo likhale lotsegula kapena lotseka?

Titayankha, ziwerengerozo zinapatukana zokha.

Cha kuyesa OTP chinapita ku PostgreSQL, mu mzere womwewo umene uli ndi OTP yakeyo. Lamulo lake ndi limodzi: UPDATE yowonjezera 1 pa attempts, WHERE attempts ndi yochepera 5 ndipo nthawi sinathe, RETURNING hash ya OTP. Likapanda kubweza mzere, munthuyo wakanidwa, ndipo sitiyerekeza n'komwe. Ubwino wake ndi wakuti mapempho awiri akafika nthawi imodzi, wachiwiri amadikira loko wa mzerewo, ndipo PostgreSQL imayang'ananso WHERE uja loko akamasuka, kotero palibe amene angadutse kachisanu ndi chimodzi potumiza mapempho ambiri nthawi imodzi. Chofunika kwambiri kwa ine n'chakuti chiwerengero ndi chinthu chimene chikutetezedwa zili malo amodzi. Sizingatheke kuti OTP ikhalepo chiwerengero chake chitasowa. Database ikazima, zonse ziwiri zazima, palibe wolowa. Tinawonjezanso malire a ma OTP 10 pa nambala pa tsiku, kuti 600 ija itsike kufika pa 50. Moyo wa OTP tinauika pa mphindi 10, osapitirira apo, mogwirizana ndi malangizo a SP 800-63B a NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo. Tinayesapo mphindi 5 koma kumudzi uthenga nthawi zina umachedwa panjira.

Cha ndalama, mauthenga pa dziko pa tsiku, chinapitanso ku PostgreSQL: mzere umodzi pa dziko pa tsiku, ndi INSERT ... ON CONFLICT DO UPDATE, imene ilipo kuyambira pa 9.5. Mzere wotere aliyense amaulimbirana, ndipo pa kampani yaikulu ungakhale potsamwira. Pa ife ayi. Chikafika theka la malire, foni yanga ndi ya mayi a ndalama aja zimalira. Chikafika pa malire, mauthenga a dzikolo amaima mpaka munthu atawatsegula. A +260 ndi +258 malire awo ndi aang'ono kwambiri.

Zotsala ziwiri, pa nambala ndi pa ejenti, zinakhalabe mu Redis, koma Redis ina, yakeyake, yopanda cache ngakhale imodzi, maxmemory-policy ili pa noeviction, ndi AOF yolemba pa disiki sekondi iliyonse. Ikadzaza imakana kulemba n'kukuwa, m'malo motaya zinthu mwakachetechete, ndipo ine ndimakonda chokuwa. Ikazima mwadzidzidzi titaya za sekondi imodzi yomaliza kapena chapompo, zomwe ndi mauthenga owerengeka.

Ndinene chilungamo: zonse zikanatha kukhala mu PostgreSQL, ndipo kwa gulu la anthu awiri lopanda Redis kale, ndingalangize zimenezo. Kuwonjezera chinthu china choti muzichiyang'anira usiku si nkhani yaing'ono. Ife tinasiya ziwirizo kunja pa chifukwa chimodzi. Tsiku la chiwembu, mapempho okanidwa amachuluka kuposa ovomerezedwa, ndipo sindinkafuna kuti chigumula chimenecho chizifika pa database imene ili ndi ngongole za anthu. UPDATE iliyonse mu PostgreSQL imasiya mzere wakufa woti autovacuum idzasese, ndipo pempho lililonse limagwira connection imene ejenti weniweni akuifuna. Redis ili pageti, imabweza 429, yankho loti mapempho achuluka, anthu asanafike pakhonde. Mnyamata uja anafunsa za UNLOGGED table kuti kulemba kupepuke. Tinaikana, chifukwa tebulo lotere limakhuthulidwa database ikagwa mwadzidzidzi ndipo silikopedwa ku standby, database yodikirira ina ikagwa, ndiye kuti tikanangomanga Redis yachiwiri yoiwala m'kati mwa PostgreSQL.

Funso la khomo silinali langa kuyankha, ndipo ndikulangiza anzanga kuti musamaliyankhe nokha mu code usiku. Ndinapita nalo kwa abwana m'mawu osavuta: "Bwana, kachipangizo kowerenga kaja kakafa masana a tsiku la msika, tiimitse kulembetsa kapena tipitirize osawerenga?" Anaganiza pang'ono n'kunena kuti mlimi amene wabwera ndi ejenti asabwezedwe, koma mlendo wa pa intaneti adikire. Ndi mmene tinamangira. Redis ikapanda kuyankha m'kanthawi kochepa, pempho la ejenti wodziwika lopita ku +265 limadutsa, likuyang'aniridwa ndi Map ya m'memory ija, yomwe inandichititsa manyazi poyamba, koma ngati mlonda wogwirizira ndi yokwana. Fomu ya pa webusaiti ndi manambala akunja zimatsekeka. Ndipo malire a ndalama a mu PostgreSQL amakhalabe chilili kumbuyo kwa zonsezi.

Tinayesa pozimitsa Redis dala Lachiwiri lina madzulo, ma ejenti atachepa. Ulendo woyamba sisitimu yonse inaima, chifukwa client yathu, code yolankhula ndi Redis, inkasunga malamulo pamzere kudikira kuti Redis idzuke, m'malo molephera msanga. Tinakonza timeout ndi mzerewo, tinazimitsanso, zinayenda.

Akuba aja anabweranso chakumayambiriro kwa Disembala, usiku wa Loweruka ngati kale. Poyamba anayesa mayiko awo akale n'kukanidwa pageti. Kenako anayesa manambala a +258, ndipo anadutsa ochepa mpaka malire a dzikolo atakwana. Foni yanga inalira, ndinadzuka, ndinayang'ana, ndinatseka fomu ya pa webusaiti kwa manambala akunja, n'kugonanso. Lolemba mayi a ndalama anandionetsa zimene zinapita: sizinafike mtengo wa thumba limodzi la feteleza.

Chimene chidakali pa tebulo langa ndi kapepala kena ka achemwali a pa desiki aja. Mudzi wina wa ku Ntchisi, alimi khumi ndi awiri alibe foni, ndipo onse amalembetsa ndi nambala ya mwana wa amfumu. Pa mlimi wa nambala 11, malire a 10 pa tsiku aja amamuuza kuti abwere mawa. Kwa Redis, foni imeneyo ikufanana ndendende ndi ya munthu amene akuvutitsidwa ndi mauthenga kapena amene akaunti yake ikuthyoledwa. Pakadali pano ejenti amaimba ku desiki, achemwali amafunsa mafunso awo, n'kukweza malire a nambala imeneyo kwa tsiku limodzi, ndipo dzina la wokwezayo limalembedwa mu PostgreSQL. Sabata yatha anaimba katatu.